Filimu ya Estina Imene Sinatuluke

1

Ine sindine munthu wa mawu ambiri. Malemu mkazi wanga Estina ankauza anthu kuti ndimalankhula kawiri pa chaka, pobzala ndi pokolola. Choncho mundikhululukire nkhaniyi ikatuluka youma. Ndailemba chifukwa mwana wanga Melody wandiuza kuti ndikapanda kuilemba ine adzailemba yekha akakula, ndipo sadzandimvera chisoni.

Dzina langa ndine Gabson. Kwathu ndi kufupi ndi Mpanshya, koma ndinakwatira ku Shikabeta, ndipo ndinakhala kumeneko pa chikamwini zaka zisanu ndi zinayi. Estina anali ndi mkulu wake, Ba Eness, ndi mlongo wawo mmodzi yekha, Bornface, amene ankagwira ntchito ku Lusaka kwa anthu ojambula maukwati ndi misonkhano.

Anzake a ku Lusaka anamupatsa dzina lachipongwe loti Ba Ikubwera, chifukwa analengeza mafilimu atatu m'nyuzipepala koma panalibe ngakhale imodzi imene anthu anaiona. Ankamuseka kuti ndi wa pakamwa chabe. Sanali wa pakamwa. Ine ndikudziwa kumene zinayambira.

2

Mu Ogasiti 1993 Bornface anafika ku Shikabeta ndi kamera yobwereka, yaikulu ngati mwana wa mbuzi, pamodzi ndi mabatire awiri a galimoto. Anati akufuna kujambula filimu yotchedwa Chimanga Chachikasu. Inali nkhani ya mkazi amene mwamuna wake anapita ku migodi n'kumusiya ndi ana m'chaka cha chilala chija, pamene tonse tinapulumukira chimanga cha thandizo. Mkazi ameneyo ankafuna akhale Estina.

Anandipeza ndikusema mpini.

"Mlamu, ndibwerekeni mkazi wanu masabata atatu. Ndidzamubweza wamphumphu."

Ndinamuuza kuti afunse mwini wake.

"Wamva? Avomera," anatero Estina ali pakhomo. "Akakana sayankha n'komwe."

Ntchito yanga inali ya mabatire. Akatha moto ndinkawamanga pa njinga kupita nawo ku Mpanshya kukatchajitsa, ulendo wa tsiku lathunthu, n'kubwerera mawa lake. Sindinadandaule. Estina anali wosangalala kuposa mmene ndinamuonerapo. Ankasinja akuimba nyimbo ya Chisoli, chilankhulo cha kwawo, imene anaphunzira kwa amayi ake, ndipo Bornface ankamubwerezetsa mpaka manja atupa, iye n'kumangoseka.

Mwamuna wake wa mu filimu anali Phinias, mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzimo, munthu wa mano oyera ndi nsapato zopukuta. Amayi a pa chitsime anayamba kundifunsa ngati ndamva kuti ndalandidwa dzuwa likuswa mtengo. Ndinkadutsa osayankha. Koma tsiku lina Bornface anandiitana kuti ndisuzumire pa kawindo ka kamera ndione zimene anajambula dzulo lake. Ndinaona Estina atagwada, akuthira madzi m'manja mwa Phinias, akumuyang'ana m'maso mmene ankandiyang'anira ine tisanakwatirane. Ndinkadziwa kuti ndi sewero. Mutu unkadziwa, koma mtima sunapite ku sukulu.

"Mwaona, mlamu? Zambia yense adzamudziwa mlongo wangayu."

Ndinati ndaona.

Nthawi zambiri akapumula, Estina ankandikodola kuti nane ndiime kutsogolo kwa kamera. Ndinkatembenuka n'kupita kukaona mbuzi.

Pofika Seputembala matepi asanu ndi imodzi anali atadzaza. Chinatsala ndi chithunzi chomaliza, cha mvula yoyamba ikugwera mkazi uja m'munda. Bornface anati adzabwera mvula ikakhazikika. Matepi anawasiya m'bokosi lachitsulo la Estina, chifukwa chipinda chake cha ku Lusaka akuba anali atathyolako kawiri. Atafika ku tauni anauza mtolankhani wina kuti filimu ituluka chaka chamawa, ndipo anatitumizira kachidutswa ka nyuzipepalayo. Estina sankadziwa kuwerenga Chizungu, koma dzina lake analipeza yekha ndi chala.

3

Mu Febuluwale 1994 Estina anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pamene malungo anamugwira. Mvula inali itagwa masiku anayi osalekeza, mitsinje itadzaza. Tinamunyamula pa machila amuna anayi kulowera ku chipatala cha Mpanshya. Sitinafike. Anamwalira masana pansi pa mtengo wa mpundu, tikudikira kuti madzi aphwe.

Bornface anafika tsiku lachitatu, titaika kale. Anafika ndi kamera paphewa. Uthenga wathu unasemphana naye, iye ankabwera kudzajambula mvula ija.

Mwambo wa kumeneko ndi wotere. Mkazi akamwalira, katundu wake yense amakasungidwa kwa mkulu wake. Pakapita masiku abale amakhala pansi, n'kugawana chilichonse mpaka supuni. Mwamuna satenga kanthu, ngakhale kansalu, kuopa kuti malemu angamutsatire. Kenako amamusudzula kuti abwerere kwawo ali womasuka. Bokosi la Estina linapita kwa Ba Eness madzulo a tsiku limene tinabwera ndi mtembo.

Tsiku logawa, Ba Eness anatsegula bokosilo pamaso pa onse. Munatuluka zitenje, diresi la ku tchalitchi, mbale zinayi, korona, ndi kachidutswa ka nyuzipepala kaja. Matepi munalibe.

Bornface anakhuthula bokosilo pansi n'kuligogoda. Kenako anayang'ana mlongo wake. Aliyense ankadziwa kuti Ba Eness anali atalowa mpingo watsopano wa ku msewu, ndipo pa maliro anthu anawamva akulira kuti kamera ija ndiyo inadya chithunzithunzi cha mng'ono wawo.

"Mwawotcha," anatero Bornface.

Ba Eness analumbira pa Baibulo. Analumbira pa manda a amayi awo. Anati bokosilo sanalitsegule chilitengereni. Bornface sanamve. Akuluakulu anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndikudziwapo kanthu.

"Bokosi linali la Estina," ndinatero.

Anagwedeza mitu. Munthu wofedwa safunsidwa kawiri.

Itafika nkhani ya mwana, Ba Eness anati Melody atsale ndi iwo monga mwa mwambo, popeza mwana ndi wa kuchikazi. Mwanayo anali ndi zaka zisanu. Koma mwini mbumba anali Bornface, ndipo anagamula kuti mwana apite ndi ine. Pamaso pa anthu anati sukulu ya ku Mpanshya ndi yabwino. Potiperekeza anandiuza chifukwa chenicheni.

"Mwana wa Estina sangaleredwe ndi munthu amene wawotcha Estina. Inu, mlamu, ndimakukhulupirirani."

Ndinachoka ku Shikabeta ndi njinga, khasu, thumba la ngala za mbewu, ndi mwana kumbuyo.

4

Anthu a bungwe lina la ku Lusaka anali atalonjeza kuthandiza Bornface akaona zimene anajambula. Anapita kwa iwo chimanjamanja. Anamumvera chisoni, anamupatsa tiyi, nkhani inathera pomwepo.

Sanagonje. Mu 1995 anatitumizira kachidutswa kena ka nyuzipepala. Ankakonza sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Basi ya ku Chipata, la makondakitala ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu waukulu. Kulikonse kumene anagogoda anamufunsa funso limodzi: filimu yoyamba ija ili kuti, tione kaye mmene mumajambulira? Mu 1997 analengeza ina, Osaka Uchi, ya amuna a m'chigwa. Anafika mpaka posankha anthu osewera. Mwini kamera atamva mbiri ya Ba Ikubwera anakana kumubwerekanso.

Melody ankamata tizidutswa tonseti m'kope lake la sukulu. Ankauza anzake kuti amalume ake ndi a mafilimu, iwo n'kumufunsa kuti filimu iti.

Chaka chilichonse mu Ogasiti Bornface ankabwera kudzationa, chaka chilichonse ali wowonda kuposa chapitacho. Ankakonda kukhala m'khitchini mwanga, kanyumba ka udzu kakuda ndi utsi, pansi penipeni pa ngala za mbewu zimene ndinkapachika ku tsindwi. Melody ankamukhalira pafupi. Tinalibe chithunzi cha Estina ngakhale chimodzi, ndiye mwanayo funso lake linali lomwelo, loti amayi ake ankaoneka bwanji. Bornface ankaimirira, n'kutenga mthiko ngati munsi, n'kusinja m'malere akuimba nyimbo ija ndi mawu ake osasa. Ankalakwitsa mawu. Ine ndinkawadziwa onse, koma sindinamukonze.

Tsiku lina mwana atapita kukatunga madzi, Bornface anandiuza kuti nkhope ya Estina yayamba kumuthawa.

"Mlamu, ndikanakhala ndi tepi imodzi yokha. Imodzi. Ndikanawatseka pakamwa onsewa. Ndipo mwanayu akanaona amayi ake."

Ndinasonkhezera moto.

Chaka chomwecho Ba Eness anabwera ku chipatala ndi mdzukulu wawo, ndipo anapatukira kwathu atanyamula mtedza m'kansalu. Melody anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakana kugwada, anakana mtedza.

"Inu ndi amene munawotcha amayi anga."

Ba Eness anayang'ana ine, kudikira kuti ndimudzudzule mwanayo. Ndinamuuza kuti apereke moni kwa akulu. Sindinanene china. Anasiya mtedzawo pa mpando n'kumapita akupukuta maso ndi ngodya ya chitenje.

5

Mu Juni 1999 anzake a ku Lusaka anamukweza Bornface minibasi n'kumutumiza kwathu. Ankatsokomola usana wonse, miyendo ngati bango. Anamugoneka m'chipatala cha Mpanshya. Matendawo sindiwatchula; amene munakhala ndi moyo zaka zimenezi munaika abale okwanira kuti muwadziwe.

Ba Eness atamva anayenda wapansi kuchokera ku Shikabeta. Atalowa m'chipinda, Bornface anatembenukira ku khoma. Iwo sanabwerere kwawo. Anakhala panja pansi pa mtengo, pamene amakhala odikira odwala, akuphika phala la mtedza mmene mlongo wawo ankalikondera ali mwana. Ankandipatsa ine kuti ndilowe nalo, n'kundipempha kuti ndizinena kuti waphika ndi Melody.

Tsiku lachinayi Bornface anadya phala lija mpaka kupala mbale. Kenako anandigwira dzanja.

"Phala ili ndikulidziwa, mlamu, musandipusitse. Koma mverani. Ndikapita, Eness asakhale pa maliro anga. Mudzawauze akuluakulu kuti ndi mawu anga omaliza. Ndasankha inu chifukwa simunama."

Ndinatuluka. Ndinadutsa Ba Eness akutsuka kam'phika kawo, ndinakwera njinga, ndinafika kunyumba. Ndinalowa m'khitchini, ndinaponda pa mtondo, ndinakankha ngala za mbewu. Kuseri kwake, pa mtanda wa tsindwi, panali mtolo womangidwa ndi luzi m'chitenje chimene poyamba chinali chobiriwira.

Inde, owerenga. Ndinali ine.

Tsiku limene tinabwera ndi mtembo, amayi asanabwere kudzatenga bokosi, ndinalowa m'chipinda ndekha. Ndinkadziwa kuti sandisiyira ngakhale ulusi. Ndinatulutsa matepi onse, ndinawakulunga m'chitenje chake, ndinawakankhira pansi pa thumba la mbewu. Ndinkafuna kutsala ndi kanthu kake. Chimenecho ndicho chifukwa chimene ndinkadziuza. China ndinkachibisa ngakhale kwa ine mwini: sindinafune kuti Zambia yense aone mkazi wanga, ali m'manda, akugwadira Phinias.

Ndinkati ndidzaulula pakapita mwezi. Koma Bornface anali atandipatsa mwana chifukwa cha bodza limenelo, ndipo ndinkaopa kuti ndikaulula adzanditengera Melody. Mwezi unakhala chaka. Chaka chinakhala zaka zisanu.

Ndipo ndinawasamala, musaganize kuti ndinawataya. Ife chinthu chimene sitifuna kuti chiwonongeke timachipachika mu utsi. Mbewu ya chimanga imakhala pamwamba pa moto chaka chonse, nankafumbwe osaiyandikira, chiswe osafikako. Ndinawasunga matepiwo pamalo abwino koposa amene ndinkawadziwa.

6

Ndinaika mtolowo pa bulangete la Bornface. Anamasula luzi. Mwaye unagwera pa nsalu zoyera za chipatala. Anatenga tepi imodzi, anaiyang'ana nthawi yaitali, anainunkhiza.

"Munali nawo inu."

"Ndinali nawo."

"Kuti?"

"M'khitchini. Ku tsindwi."

"Pamwamba pa mutu wanga, pamene ndinkakhala paja?" Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapuma anafunsanso motsitsa. "Mu utsi, mlamu? Zaka zisanu?"

"Ndinkaopa chiswe."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangotseka maso, misozi ikutsikira m'makutu, n'kundiuza kuti ndiitane mlongo wake.

Ba Eness analowa atanyamula kam'phika kaja. Anaona matepi, anaona chitenje, ndipo anachizindikira. Bornface anayesa kudzuka kuti awagwire miyendo, iwo anamukankhira pa pilo n'kumuuza kuti asawononge mphamvu. Kwa ine ananena mawu ochepa.

"Ba Gabson, tsiku la mtedza lija munkandiyang'ana m'maso."

Melody ndinamuuza ndekha madzulo ake, tili pa khonde. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa ngati mawa adzaona amayi ake. Ndinati adzawaona. Ndinkakhulupirira.

Mawa lake a chipatala anatilola kumutenga Bornface kwa tsiku limodzi. Tinakwera minibasi anayi tonse kupita ku Rufunsa, kumene munthu wina dzina lake Abel anali ndi kanyumba koonetsera mafilimu kuseri kwa msika. Tinafika m'mawa anthu asanayambe kulowa. Abel analiza jenereta, n'kupukuta matepi ndi malaya ake, akudandaula kuti deki yake yoonetsera matepi si ng'anjo ya makala.

Tepi yoyamba inakana kuzungulira. Kutentha kunali kutamata lamba wake ngati sera. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu deki inaitafuna, Abel n'kuisolola ndi sipoko ya njinga akutukwana chapansipansi. Yachinayi ndi yachisanu zinazungulira, koma pa galasi panangooneka timadontho toyera tikuthamangathamanga, ndi phokoso ngati mvula pa malata.

Bornface anali atatsamira pa phewa la Ba Eness. Ananong'ona kuti yomaliza ndi ya tsiku lomaliza, pamene ankangojambula zocheza kuti amalize tepi.

Abel anailowetsa. Timadontho tomwe tija. Phokoso lomwe lija. Melody anali ataima chala chili pa galasi. Kenako phokoso linachepa, ndipo m'kanyumba mmenemo munamveka mawu a Estina. Chithunzi panalibe, mawu okha.

"Atate a Melody, bwerani muime apa pafupi ndi ine. Taonani, akuthawa. Bornface, jambula msana womwewo, ndi wanga umenewo."

Estina anaseka m'tepimo. Kenako mvula ija inabwerera.

"Bwezani," anatero Melody.

Abel anabweza. Tinamvanso. Melody anati abwezenso. Kachitatu, pa mawu oti "pafupi ndi ine," lamba anaduka.

Abel anazimitsa jenereta. Bornface ndiye anayamba kulankhula.

"Abel, wakhala woyamba kuonetsa filimu ya Ba Ikubwera. Ukawauze a ku Lusaka kuti inatuluka."

Anamwalira mu Ogasiti, mwezi umene ankakonda kutichezera. Ba Eness anakhala kumutu kwa bokosi lake usiku ndi usana mpaka kumanda.

7

Matepi ndi chitenje ndinazipereka kwa Ba Eness pamaso pa akuluakulu a ku Shikabeta, ndipo ndinanena zonse ndi pakamwa panga. Sindinalankhulepo nthawi yaitali chotero chibadwire. Anandilipiritsa mbuzi, ndinapereka. Ba Eness amandiyankha moni, koma sanakhalenso pa mpando wa pakhomo panga. Melody amapita kwa iwo tchuthi chilichonse. Nyimbo ija ndinamuphunzitsa, mawu onse mmene alili. Amaiimba akamasinja, koma akandiona ndikubwera amaleka.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti ndine wabodza. Ndalingalira zimenezo nthawi yaitali. Pa zaka zisanu zonsezo sindinanene liwu limodzi lonama pa za matepiwo. Ndinkangokhala chete, ndipo anthu ankati Ba Gabson ndi munthu wofatsa. Kufatsa kumeneko kunalanda mlamu wanga ntchito ya moyo wake, kunadanitsa ana a mimba imodzi, ndipo kunamana mwana wanga nkhope ya amayi ake. Ngati muli ndi mtolo wanu ku tsindwi, musadzinamize kuti ukusungika. Utsitseni mwini wake akadali ndi mphamvu zokukalipirani.

Za Phinias musandifunse. Ndinachitira nsanje sewero, pamene mkazi wanga ankandiitana ine, dzina langa, pamaso pa mudzi wonse.

Chaka chino ndapachikanso mbewu mu utsi. Mvula ikagwa idzamera, imamera chaka chilichonse. Ndikakhala pansi pake ndimayang'ana pa mtanda paja, ndipo ndimamva akuti bwerani muime apa. Panali mapazi khumi okha kuchokera pamene ndinaima. Ndinapita kukaona mbuzi.